Diski yakunja ikamadzichotsa yokha kompyuta ikagona: poyambira ndi zoti muyese

Vutoli limabwera mofanana kwa anthu ambiri. Kompyuta yachita update usiku, m'mawa zonse zikuoneka kuti zili bwino. Mwalumikiza external yanu (diski yakunja ija), mwagwira ntchito, masana mwatseka laputopu n'kupita kukadya. Pobwera mukupeza kauthenga pakona ya sikirini koti "Disk Not Ejected Properly", ngati ndi Mac. Ngati ndi Windows, mukungomva kaphokoso kaja kamene kamalira munthu akazula fulashi, ndipo mu File Explorer diski mulibe. Chingwe chili momwe munachisiyira, palibe wachikhudza. Mukachizula n'kuchilowetsanso diski ikubwerera, koma kompyuta ikangogonanso nkhani ndi yomweyo.

Nthawi zambiri diskiyo siinafe. Koma musazolowere vutoli n'kumangotseka kauthengako tsiku ndi tsiku, chifukwa nthawi iliyonse imene diski yaduka mwadzidzidzi pamakhala mwayi woti fayilo imene imalembedwa pa nthawiyo iwonongeke. Amene amajambula maukwati, amene amasunga nyimbo za kwaya zimene anajambulitsa ku situdiyo, ophunzira amene kafukufuku wawo yense ali pa diski imodzi, amadziwa kuti zinthu zina zikatayika sizibwereranso.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kompyuta ikamagona imachepetsa kapena kudula mphamvu yopita ku mabowo a USB kuti batire lisathe msanga. M'kati mwa chibokosi cha external muli kachipangizo kamene kamalumikizitsa diski yeniyeniyo ndi USB, ndipo kamayenera kugona ndi kudzuka limodzi ndi kompyuta. Kakachedwa kudzuka, kapena mphamvu ikaduka kompyuta isanamalize kutsanzikana ndi diski, kompyuta imaona ngati wina wazula chingwe. Update imalowapo chifukwa imasintha ma driver a USB (timapulogalamu tothandiza kompyuta kulankhulana ndi zipangizo), imasintha kagonedwe ka kompyuta, ndipo nthawi zina imabwezera zimene munasankha kale mu settings ku zimene kompyuta inabwera nazo. Chingwe chimene chinali chofooka kale koma chikukwanitsa, tsopano sichikukwanitsanso.

Yambani ndi kupulumutsa mafayilo

Musanasinthe chilichonse, lumikizani diski kompyuta ili pa magetsi, khalani pomwepo kuti isagone, ndipo koperani zofunika zonse kupita kwina: pa diski ina, pa kompyuta yomweyo ngati malo alipo, kapena pa Google Drive ngati mafayilo ndi ochepa ndipo bandulo ikulola. Kuyesa kumene tichite m'munsimu kuchititsa kuti diski iduke kangapo, ndiye sibwino kuyesera pa diski imene ili ndi kope lokhalo la ntchito yanu.

Pali mauthenga awiri amene muyenera kuwaopa. Windows ikhoza kunena kuti "You need to format the disk before you can use it", ndipo Mac ikhoza kunena kuti diskiyo siyikuwerengeka n'kukupatsani batani la Initialize. Musadine Format, musapitirize ndi Initialize. Mafayilo anu nthawi zambiri amakhala adakalipo, chimene chasokonekera ndi ndandanda imene imauza kompyuta pamene fayilo iliyonse ili. Mukachita format mwafufuta ndandandayo ndi manja anu.

Chenjezo limeneli likukhudza kwambiri amene diski zawo zili pa exFAT, imene ndi imodzi mwa njira zosanjira mafayilo pa diski. Ambiri timaikonda chifukwa imagwira pa Mac ndi pa Windows pomwe, ndipo tikhoza kupita nayo kwa mnzathu aliyense osadandaula. Koma exFAT ilibe kabuku kamene NTFS ya Windows imalembamo zimene ikufuna kuchita isanazichite, kamene kamaithandiza kudzikonza ikadulidwa pakati. APFS ya Apple nayo ili ndi njira yake yodzitetezera. Choncho diski ya exFAT ndi imene imavulala msanga ikamadukaduka.

Mukamaliza kukopera, yezani diskiyo. Pa Mac tsegulani Disk Utility, sankhani diski yanu kumanzere, dinani First Aid. Pa Windows tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba

chkdsk E: /f

koma m'malo mwa E muike chilembo cha diski yanu. Dongosolo lake ndi lomwelo: kukopera kaye, kukonza pambuyo. Mapulogalamu okonzawa akapeza zidutswa zimene sakuzimvetsa akhoza kuzisuntha kapena kuzitaya.

Tsimikizani kuti vuto ndi kugona

Gawo ili ambiri amalidumpha, n'kuthera madzulo onse akusintha zinthu zosakhudzana ndi vuto lawo. Pali kugona kwa mitundu itatu: sikirini kuzima kompyuta ikugwirabe ntchito, diski kusiya kuzungulira chifukwa palibe akuigwiritsa ntchito, ndi kompyuta yonse kugona. Muyenera kudziwa kuti diski yanu imaduka pa kugona kuti.

Igonetseni dala kompyutayo, pa Mac kudzera pa chizindikiro cha Apple kenako Sleep, pa Windows kudzera pa Start, Power, Sleep. Dikirani mphindi 2, idzutseni, onani ngati diski ilipo. Bwerezani koma mudikire mphindi 30. Kenako isiyeni kompyuta ili maso kwa ola lathunthu osakhudza diski. Chitani zimenezi ili pa magetsi, mubwerezenso ili pa batire, ndipo lembani pa pepala zimene mwaona.

Za batirezi n'zofunika kwathu kuno kuposa mmene malangizo ambiri akunja amanenera. Magetsi akazima laputopu imapita pa batire mwakachetechete, ndipo malamulo a batire ndi okhwima: imagona msanga ndipo imaumira mphamvu. Munthu amaganiza kuti vuto limabwera mwa apo ndi apo, pamene likutsatira nthawi ya kuzima kwa magetsi. Ndipo ngati external yanu ndi ija yaikulu ya mainchesi 3.5 yokhala ndi pulagi yakeyake ya kukhoma, magetsi akangothima ngakhale kwa sekondi imodzi, imazima pamene laputopu ikupitirira. Pamenepo update ilibe mlandu. Mankhwala ake ndi UPS (batire losunga magetsi akazima) kapena kuiika pa inveta.

Diski ikamaduka ngakhale kompyuta ili maso ndipo inu mukuigwiritsa ntchito, siyani za settings, nkhani ili pa chingwe, pa mphamvu, kapena pa diski yeniyeniyo.

Chingwe, bowo ndi hub

Ndinataya masiku awiri ndikufufuza mu settings pa vuto la diski imene ndimasungirapo zithunzi, ndipo mapeto ake linali chingwe chimene ndinagula mumsika chingwe choyamba chitatayika. Chinkagwira bwinobwino pokopera mafayilo, koma podzuka kompyuta chinkalephera. Kuyambira pamenepo ndimayambira apa, ndipo ndikukupemphani kuti nanunso muyambire apa chifukwa kuyesa kwake n'kwa mphindi zochepa.

Bowo la USB 2.0 limapereka mphamvu yosapitirira 500 mA, la USB 3.0 limafika 900 mA. Hard disk yaing'ono ya mainchesi 2.5, ija yopanda pulagi yakeyake, imakoka mphamvu yambiri pa kamphindi kamene ikuyamba kuzungulira, ndipo kamphindi kameneko ndi komwe kompyuta ikudzuka. Chingwe chachitali, chowonda m'kati, kapena chomasuka pamutu chimataya mphamvu ina m'njira, diski n'kulephera kunyamuka pa nthawi yake.

Choncho chotsani chilichonse chimene chili pakati pa diski ndi kompyuta. Hub ndi dock (tizipangizo tochulukitsa mabowo), kachingwe kosinthira USB-A kupita ku USB-C, chingwe chowonjezera utali, zonsezo zipume kaye. Lowetsani diski mwachindunji ndi chingwe chachifupi, makamaka chimene inabwera nacho. Igonetseni kompyuta muone. Sinthani bowo, muyesenso. Pa desktop gwiritsani ntchito mabowo a kumbuyo, chifukwa amenewo ali pa motherboard penipeni pomwe a kutsogolo amadzera m'timawaya. Yang'anitsitsaninso pamene chingwe chimalowa mu diski. Mutu uja wotambalala wa Micro-B umamasuka ukakalamba, ndipo ukamagwedera mukaukhudza ndi chala, mwapeza wokayikiridwa woyamba.

Ngati mwachindunji ikugwira bwino koma kudzera pa hub ikuduka, ndipo hub simungachite popanda iyo, pezani hub yokhala ndi pulagi yakeyake ya magetsi. Samalaninso ndi mabowo a USB amene ali pa monitor. Monitor ikazima, ambiri mwa mabowo amenewa amazima nayo limodzi, choncho si malo oikapo diski.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha chingwe, bowo ndi settings nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chathandiza, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Ngati muli pa Mac

Tsegulani System Settings. Pa MacBook pitani pa Battery, tsikirani pansi, dinani Options. Pa iMac ndi Mac mini zimenezi zili pa Energy kapena Energy Saver, kutengera macOS imene muli nayo. Pezani mzere wa "Put hard disks to sleep when possible" muuike pa Never kapena muuzimitse. Kenako yatsani mzere umene umaletsa kompyuta kugona yokha sikirini ikazima, umene pa MacBook umalembedwa kuti "Prevent automatic sleeping on power adapter when the display is off". Mukatero sikirini izizima monga mwa nthawi zonse, koma kompyuta ikakhala pa magetsi izikhala maso ndipo diski izikhalabe yolumikizika. Kwa amene Mac yawo imakhala pa desiki, nthawi zambiri nkhani imathera pompa.

Pa makina ena mzere wa hard disk uja suoneka. Musadandaule, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe

pmset -g

ndipo muona mzere wa disksleep ndi nambala ya mphindi pambali pake, kawirikawiri 10. Kuti diski isamagonetsedwe lembani

sudo pmset -a disksleep 0

Ikufunsani password yanu, ndipo mukamailemba palibe chimene chizioneka pa sikirini. Ndi mmene zimakhalira, ingomalizani n'kudina Return. Mukadzafuna kubwezera, lembani lamulo lomweli koma ndi 10 kumapeto.

Ena amadzuka m'mawa n'kupeza timauthenga ta "Disk Not Ejected Properly" tambirimbiri tosanjikizana. Chifukwa chake n'chakuti Mac siigona tulo tamtundu umodzi usiku wonse. Imadzuka pang'ono sikirini ili yozima, kuona za intaneti ndi ntchito zina zazing'ono, n'kugonanso, ndipo pa kudzuka kulikonse diski imalumikizika n'kudukanso. Pa tsamba la Options lomwe lija ikani "Wake for network access" pa Never, ndipo ngati Mac yanu ndi ya Intel ndipo ili ndi Power Nap, izimitseni.

Palinso china chimene chinabwera ndi macOS Ventura mu 2022 pa ma MacBook a Apple silicon, aja a M1 ndi otsatira ake. Kompyuta imafunsa chilolezo chipangizo chatsopano cha USB kapena Thunderbolt chisanalumikizike. Ngati diski kapena dock yanu siyikubwerera kompyuta ikadzuka ili yokiya, pitani pa Privacy & Security, pezani "Allow accessories to connect". Mukasankha Always, funsolo limatha. Dziwani chabe kuti chitetezo chimenechi anachiika ndi cholinga, kuti wina asalowetse chipangizo choipa inu mutachokapo. Ngati laputopu mumayenda nayo m'maofesi ndi m'malo odzaza anthu, yesani Always kuti muone ngati vuto lili pamenepo, ndipo ngati palibe chasintha bwezerani mmene zinalili.

Pamene mukukopera chinthu chachikulu ndipo mukungofuna kuti kompyuta isagone mpaka chithe, lembani caffeinate -i mu Terminal n'kusiya windo imeneyo yotsegula. Mukamaliza dinani Control ndi C. Koma lamuloli silithandiza mukatseka chivundikiro cha MacBook, igonabe.

Ngati muli pa Windows

Pali malo atatu oti mupite. Oyamba ndi Control Panel, Power Options, kenako "Change plan settings" pa plan imene mukugwiritsa ntchito, kenako "Change advanced power settings". Mu kawindo kamene katseguke, tambasulani USB settings, pezani "USB selective suspend setting" muike Disabled, pa batire ndi pa magetsi pomwe. Chimenechi ndi chimene chimalola Windows kugonetsa bowo limodzi la USB palokha pamene kompyuta yonse ili maso. Momwemo tambasulani Hard disk, ndipo pa "Turn off hard disk after" lembani 0, kutanthauza kuti isazimitsidwe.

Pa malaputopu ambiri atsopano USB settings simuipeza pa ndandandayo. Amenewa amagwiritsa ntchito kagonedwe kotchedwa Modern Standby, kamene kamafanana ndi ka foni, ndipo Windows imabisa zosankha zina. Kuti mudziwe za yanu lembani powercfg /a mu Command Prompt. Mukaona mawu oti S0 Low Power Idle pa zimene zilipo, yanu ndi ya mtundu umenewo, ndiye pitani pa malo achiwiri.

Dinani Start ndi batani lakumanja la mouse, sankhani Device Manager, tsikirani pa Universal Serial Bus controllers. Pa USB Root Hub iliyonse ndi Generic USB Hub iliyonse, tsegulani Properties, pitani pa Power Management, chotsani kuchonga pa "Allow the computer to turn off this device to save power". Ndi ntchito yotopetsa chifukwa zimakhala zingapo, koma musasiyeko ina. Kumbukirani malo amenewa, chifukwa update yaikulu ikadzabwera ikhoza kuchonganso timabokosito.

Malo achitatu ali mu Device Manager momwemo, pa Disk drives. Tsegulani Properties ya external yanu, pitani pa Policies, onetsetsani kuti ili pa Quick removal. Kuyambira pa Windows 10 version 1809 imeneyi ndiyo imene Microsoft imasankhiratu, koma ena anaisintha kupita pa Better performance pofuna liwiro. Quick removal siyiletsa diski kuduka. Chimene imachita n'chakuti Windows isamasunge zolemba m'manja poyembekeza kuzilemba nthawi ina, choncho diski ikaduka zowonongeka zimachepa.

Amene mumatseka laputopu ikukopera, pa Power Options pali "Choose what closing the lid does". Mukhoza kuika Do nothing pa mbali ya magetsi yokha. Pa mbali ya batire isiyeni pa Sleep, apo ayi tsiku lina mudzaiika m'chikwama ikuyaka, idzatenthe kwambiri ndipo batire lidzathe.

Mukamaliza zonsezi chitani Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11 Fast Startup imachititsa kuti Shut down isunge mbali ina ya mmene ma driver analili n'kuibwezera poyatsa, pamene Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

Za update yeniyeniyo

Nthawi zina cholakwika chimakhaladi mu update, ndipo palibe setting imene ingachikonze. Zinachitika mu March 2024 pamene macOS Sonoma 14.4 inatuluka: ma hub a USB olumikizidwa kudzera pa monitor anasiya kuzindikirika kwa anthu ambiri, ndipo Apple inatulutsa 14.4.1 mwezi womwewo pokonza zimenezo. Choncho onani kaye ngati kwabwera update ina yaing'ono pambuyo pa imene inabweretsa vuto. Ndikudziwa kuti munthu akalumidwa ndi update safunanso kumva za ina, komanso bandulo ndi ndalama, koma kawirikawiri mankhwala amabwera kudzera momwemo. Dikirani pamene muli pa Wi-Fi yodalirika ndi magetsi okhazikika.

Pa Windows kubwerera m'mbuyo n'kotheka. Pitani pa Settings, Windows Update, Update history, Uninstall updates, muchotse imene inalowa tsiku limene vuto linayamba. Ngati inali update yaikulu yosintha version yonse, pa Recovery pamakhala batani lobwerera ku version yakale, koma limagwira kwa masiku 10 okha. Mu Device Manager, mukatsegula Properties ya chipangizo n'kupita pa Driver, palinso Roll Back Driver. Ikakhala yosadinika, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopu yanu, lembani model yake, mutenge chipset driver ndi BIOS (pulogalamu imene imayambitsa kompyuta mukaiyatsa) zaposachedwa. BIOS musaiyambe pa batire lochepa kapena pa nthawi imene magetsi akuphethira.

Pa Mac kubwerera ku macOS yakale si ntchito ya kudina kamodzi, kumafuna kufufuta kompyuta yonse n'kuikanso zinthu. Pa vuto la diski yakunja sindikulangizani kutero.

Musaiwale mapulogalamu amene anabwera ndi diski kapena amene munaika chifukwa cha diski. Ma external ena ali ndi nthawi yawoyawo yogonera imene siimvera kompyuta, mwachitsanzo WD Drive Utilities ili ndi Sleep Timer imene mungaizimitse. Amene munaika pulogalamu yolembera pa NTFS mu Mac, monga ya Paragon kapena Tuxera, onani ngati version yanu ikugwirizana ndi macOS yatsopanoyo, chifukwa mapulogalamu otere amalowa mozama m'makina ndipo ndi amene amayamba kudwala update ikadutsa. Ma dock ndi zibokosi zina za SSD nazo zimakhala ndi firmware (pulogalamu ya m'kati mwa chipangizocho) yatsopano pa webusaiti ya opanga.

Zikakanikabe

Tengani diskiyo mukaiyese pa kompyuta ina, ndipo bwerekani diski ina muyese pa yanu. Yanu ikamaduka paliponse, vuto lili mu iyo. Mvetserani ndi khutu: hard disk imene ikugogoda mobwerezabwereza, kapena kuyamba kuzungulira n'kuima, n'kuyambanso, musaikakamize. Izimitseni mupite nayo kwa wodziwa kupulumutsa mafayilo, chifukwa kuiyatsa kulikonse kumawonjezera bala. Ikakhala kuti ili chete ndipo First Aid kapena chkdsk sizikupeza kanthu, mwina chotopa ndi chibokosi chokha. Pa ma external ambiri diski ya m'kati ndi ya SATA wamba ndipo ikhoza kuikidwa m'chibokosi china chotsika mtengo, ngakhale kuti pa mitundu ina bowo la USB linamatidwa pa diski penipeni ndipo zimenezi sizitheka. Funsani kaye musanatsegule, makamaka ngati waranti isanathe.

Ikamagwira bwino kwina koma n'kumaduka pa kompyuta yanu yokha, ndipo zonse za pamwambazi mwayesa, chatsala n'kudikira kuti opanga akonze. Pakali pano chitani eject musanatseke laputopu. Pa Mac dinani kachizindikiro ka eject pambali pa dzina la diski mu Finder, kapena isankheni n'kudina Command ndi E. Pa Windows gwiritsani ntchito "Safely Remove Hardware and Eject Media" kumanja pansi pafupi ndi wotchi. Ikakana ponena kuti diski ikugwiritsidwa ntchito, tsekani pulogalamu imene yatsegula fayilo ya pa diskiyo, kawirikawiri ndi ya mavidiyo, ya zithunzi kapena ya backup, muyesenso. Mac ikadzuka, nthawi zambiri simufunika kuzula chingwe, tsegulani Disk Utility, sankhani diskiyo, dinani Mount.